Msena asamangokhala mlonda pa kanema

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko kudzera m'nyuzipepala yathuyi. Ndikulankhula ndi olemba masewero a pa kanema, eni nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi, ndiponso makampani amene amalipira mauthenga otsatsa malonda. Pa kanema wa dziko lino munthu wanzeru ali ndi lilime limodzi lokha. Dokotala, loya, bwana wa kubanki, mtsikana amene anyamata onse akumulimbirana, onsewa amalankhula Chichewa cha m'tauni, cha ku Blantyre kapena ku Lilongwe, chothira Chingerezi apa ndi apo. Mukangomva kalankhulidwe ka ku Nsanje, ka ku Mangochi, ka ku Phalombe kapena ka ku Mzimba, mumadziwiratu kuti amene walowayo ndi mlonda wa pageti, wantchito wa m'nyumba, sing'anga wonyenga, kapena malume ochokera kumudzi amene abwera kudzachititsa manyazi abale awo pamaso pa alendo. Amamulowetsa kuti anthu aseke, ndipo akaseka ntchito yake yatha.

Ine ndine Msena wa kwa Tengani. Ntchito yanga inali ya ulangizi wa zaulimi, ndipo inandiyendetsa dziko lino. Ndinayambira ku Ntchisi, ndinakhalako ku Rumphi chakufupi ndi Bolero, kenako ku Mangochi, ndipo ndinadzapumira kwathu kuno kuchigwa cha Shire. Mayi a kunyumba ndi Mtumbuka, ndinawapeza ku Rumphi komweko. Ana athu anakwatira ndi kukwatiwa kwa Alomwe ndi kwa Achewa. Choncho wina asaganize kuti ndikulemba chifukwa chodana ndi mtundu wina. Pakhomo panga pa Khirisimasi pamamveka zilankhulo zinayi, ndipo tonse timagwirizana m'Chichewa chomwe ndikulembachi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti lilime limene amatinamiziralo si lathu n'komwe. Wochita sewero amatola mawu awiri amene anamva pa depoti ya basi, "nkhabe" ndi "pyadidi", n'kumangowabwereza uku akupotoza pakamwa ndi kutong'ola maso. Msena aliyense wa ku Marka, ku Bangula kapena ku Makhanga akamva amadziwa kuti munthuyu sanadutsepo ngakhale pa Thabwa. Mtumbuka wa m'sewero nayenso sadziwa china koma "yewo chomene", ndipo nthawi zonse amakhala wodzikuza ndi sukulu, wokonda kulemba abale ake okha ntchito. Zikafika apa mayi a kunyumba amangodzuka n'kupita kukhitchini. Myao ndi telala kapena mnyamata amene wabwera ku Joni ndi wailesi yaikulu, mutu mulibe kanthu. Mlomwe ndi wa zitsamba ndi kalongonda. Mngoni ali ndi chipanda cha mowa m'manja kuyambira m'mawa. Mtonga wavala suti ndi tayi koma m'thumba mulibe ndi tambala yomwe. Anthu a ku Chitipa, Alambya, Asukwa ndi Andali, sindikumbuka kuti ndinawaonapo m'sewero, ngakhale monyozedwa.

Ena amati Achewa ndiye amapindula chifukwa chilankhulo cha pa kanema ndi chawo. Amene amanena zimenezi sanakhalepo ku Ntchisi. Chichewa chimene ndinkamva m'midzi ya kumeneko, chodzaza ndi miyambi ndi ulemu, chimene mfumu imatha kuzenga nacho mlandu wovuta popanda kutchula dzina la wolakwa, pa kanema sichimveka pakamwa pa munthu wolemekezeka. Mchewa wa kumudzi amaoneka atagulitsa fodya, ndalama zamusokoneza mutu, wagula matiresi n'kukasiya ku bala. Ndinagwira ntchito ndi alimi a fodya ndi soya amene ankasunga mabuku a kalabu yawo mwadongosolo kuposa maofesi ena amene ndinalowamo. Iwowa sawaonetsa. Ndiye vuto si mtundu uwu kupondereza uwo. Ndi anthu ochepa a m'mizinda iwiri amene akujambula dziko lonse ali pakhonde pawo.

Ndikudziwa yankho limene ndipatsidwe: ndi nthabwala chabe, achikulire, musakhale ouma mtima. Nthabwala ndimazidziwa ndipo ndimazikonda. Amalawi timaserewulana pachisuweni, timaserewulana pamaliro pomwe, adzukulu akumaseketsa anamfedwa kuti mtima utsike. Ku Mangochi anzanga Achiyao ankandinena za kutentha kwa kwathu, ine n'kumawabwezera za kwawo, tonse n'kuseka mpaka misozi. Koma pamenepo tonse tinali pa mkeka umodzi, ndipo aliyense anali ndi pakamwa poyankhira. Pa kanema amene akusekedwayo palibe. Sanalembe nawo sewerolo, sanafunsidwe, ndipo sabata yamawa sadzapatsidwa mpata woti nayenso aseke mnzake.

Zotsatira zake ndaziona m'nyumba mwanga momwe. Mdzukulu wanga wina amaphunzira ku pulayimale mumzinda wa Blantyre. Kale akabwera kutchuthi ankalankhula Chisena ndi anzake a kuno mosavuta, ankapita nawo kudimba, ankabwerako ali matope okhaokha. Chaka chatha ndinamulonjera m'Chisena pa foni, iye n'kundiyankha m'Chichewa motsitsa mawu. Nditafunsa amayi ake, anandiuza kuti anzake a m'kalasi atadziwa kwawo anayamba kumuitana ndi dzina la mlonda wa m'sewero lina, ndipo akamayankha funso la aphunzitsi ena amayerekeza kalankhulidwe ka mlondayo kumbuyo. Mwana wa zaka khumi waphunzira kale kuti kwawo n'kobisa. Ana amene amamusekawo sindikuwaimba mlandu. Anangotengera zimene akuluakulu anawaonetsa madzulo ali pa mphasa ndi makolo awo.

Ife amene tinakula kale timadziwa kumene zinthuzi zinachokera. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndicho chilankhulo cha fuko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kuchigawo cha kwawo. Pa chisankho cha 1994 mavoti anagawikana motsata zigawo, kumpoto kwa a Chakufwa Chihana, pakati kwa a Kamuzu Banda, kummwera kwa a Bakili Muluzi. Bala limeneli silinapole bwinobwino, ndipo chisankho chilichonse chimalitukula. Zinthu zitasintha, Chitumbuka chinabwerera pa wailesi, kenako tinayamba kumva nkhani m'Chiyao, m'Chilomwe, m'Chisena ndi m'Chitonga. Ndimakumbuka mmene anthu a kwathu ankasonkhanira pa wailesi kuti amve chilankhulo chawo chikuchokera ku Blantyre. Kanema ndiye anabwera mochedwa, mu 1999, pamene Television Malawi inayamba kuulutsa. Anabadwa m'nthawi ya ufulu, pamene malamulo oyendetsera dziko, pa gawo 26, anali atanena kale kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chake ndi kutsata chikhalidwe chimene wasankha. Lero nyumba za kanema zachuluka, za boma, za anthu wamba, za mipingo. Ndinkayembekeza kuti kuchulukaku kubweretsa nkhope zambiri ndi malilime ambiri, koma zachuluka ndi nyumba, munthu woonetsedwa ndi yemwe uja.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni. Mwa anthu 100 alionse, pafupifupi 34 anali Achewa, 19 Alomwe, 13 Ayao, 10 Angoni, 9 Atumbuka, ndipo ife Asena pafupifupi anayi, osawerengera Amang'anja, Anyanja, Atonga, Ankhonde ndi ena. Ambiri mwa anthu amenewa Chichewa amachilankhula tsiku ndi tsiku, koma aliyense amachilankhula ndi kamvekedwe ka kwawo, ndipo sachita kupepesa. Pitani pachipatala chachikulu chilichonse mumve madokotala ndi anamwino akulankhula. Pitani kukhoti, kusukulu za ukachenjede, ku Nyumba ya Malamulo. Mumva Chichewa cha ku Karonga, cha ku Mulanje, cha ku Nsanje, chikutuluka pakamwa pa anthu amene akugwira dziko lino. Sewero limene likuti likuonetsa moyo wa Amalawi koma dokotala wake sangakhale ndi lilime la ku Nkhata Bay, likunama.

Tsopano ndifike pa mauthenga a malonda, poti apa ndiye pamakhudza ntchito imene ndinagwira moyo wanga wonse. Mudzi wa m'mauthenga amenewa ndi umodzi. Pali nyumba yofolera ndi udzu, nkhokwe pambali, munda wa chimanga chobiriwira pa mizere yowongoka, bambo wanyamula khasu, mayi akupeta. Kaya akutsatsa mbewu, fetereza, sopo, ngongole kapena foni, mudzi ndi womwewo. Koma Malawi salima chimanga chokha. Kuno kuchigwa mvula ndi yochepa ndipo dzuwa limaswa mtengo, choncho kumtunda timadalira mapira, mchewere, thonje ndi chitowe. Chimanga chathu chambiri timalima m'madimba m'nyengo yozizira, madzi a Shire akaphwera n'kusiya chinyontho, pamodzi ndi mbatata ndi nyemba. Pamene wa ku Dowa akukolola, wa ku dambo la Ndindi akubzala. Ku Nkhata Bay nsima ndi kondowole wa chinangwa. Ku Karonga kuli mpunga wa Kilombero ndi nthochi zophika ndi nyama, mbalagha. Ku Thyolo ndi ku Mulanje munthu ali ndi kamunda kakang'ono m'mphepete mwa esiteti ya tiyi, ndipo ndalama yake imachokera ku nandolo, nanazi ndi mapeyala. Kunyanja chuma ndi usipa pa thandala.

Mlimi si wopusa. Akaona uthenga wa mbewu yochedwa kucha utajambulidwa m'dera la mvula yambiri, amadziwa kuti sakulankhula ndi iye. Nthawi zina zimapweteka kuposa apo. Ndinakumanapo ndi alimi amene anagula mbewu chifukwa anaiona ikukongola pa kanema, osauzidwa kuti siyenera nthaka ndi nyengo ya kwathu, n'kulowetsa pansi ndalama ya mbuzi yonse. Alangizi timatha miyezi tikuphunzitsa anthu kuti kuno abzale mbewu zocha msanga ndi zopirira chilala, kuti asanyoze mapira amene anasunga makolo awo. Kanema akuwauza usiku uliwonse kuti mlimi wotsogola ndi wa chimanga basi, ndipo nsima ya mapira ndi ya osauka. Mawu a mlangizi woyenda pa njinga sangapose chithunzi chowala chimene chikubwera ndi nyimbo.

Mauthenga a ndalama za pa foni nawonso ali ndi nkhani imodzi. Mwana wa m'tauni watumiza ndalama, gogo wa kumudzi wadabwa, wayang'ana foni mozondoka, kenako wavina. Amene amalemba zimenezi abwere pa msika wa ng'ombe kuno tsiku la malonda adzaone anthu ovala nsapato za matayala akutumizirana ndalama zimene wa mu ofesi sagwira pa miyezi itatu. Nyama yambiri imene amadya ku Blantyre imakwera phiri kuchokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Shuga wa mu tiyi wawo ndi wa ku Nchalo kapena ku Dwangwa. Ku Mangochi ndi ku Mzimba amayi a m'midzi akhala akulandira ndalama zochokera ku South Africa kwa zaka zambiri, ndipo amadziwa mtengo wa randi kuposa ine. Ndalama sizingochoka m'tauni kupita kumudzi. Zambiri zimayenda chobwerera, fizi ya mwana wa ku koleji, lendi ya wachibale amene ntchito yamuthera, thumba la mpunga lokwezedwa pa basi. Kampani imene ingaonetse zimenezi idzakhala itanena zoona, ndipo ndikhulupirira kuti idzagulitsanso kwambiri, chifukwa munthu amakonda kugula kwa amene wamulemekeza.

Pali nthawi imodzi imene makamera amatsika phiri mothamanga, ndiyo nthawi ya madzi osefukira. Anabwera mu 2015, mu 2019, pa namondwe wa Ana mu 2022, ndi pa Freddy m'mwezi wa Malichi 2023. Sindikudandaula kuti anabwera. Zithunzi zimenezo zinabweretsa thandizo ndipo zinapulumutsa miyoyo. Koma taganizani mwana wa ku Kasungu amene Nsanje amaiona pokhapokha anthu ali pa mzere wolandira ufa pa msasa. Akadzakula adzakhala m'gulu la amene amati Asena amakonda zolandira, amakana dala kusamuka. Sanauzidwe kuti anthu amakakamira m'mphepete mwa mtsinje chifukwa ndi momwe muli nthaka yodyetsa mabanja awo, ndipo kumtunda kumene amauzidwa kuti apite kuli miyala ndi eni ake. Sanaonepo kachisi wa Mbona ku Khulubvi, asodzi a ku Elephant Marsh m'mabwato awo, nyama za ku Lengwe ndi ku Majete, kapena ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikuchokera ku Kapichira.

Masewero olipiridwa ndi mabungwe nawo ali ndi chizolowezi chawo. Akafuna kuphunzitsa za miyambo yoipa, sewero limakakhala ku Nsanje ndipo nkhani ndi kulowa kufa kapena fisi, makamaka chiyambire pamene BBC inaulutsa nkhani ya fisi wa kuno mu 2016. Akafuna za maukwati a ana, amapita kwa Ayao. Miyambo imeneyi sindikuiikira kumbuyo ngakhale pang'ono. Inapha anthu, ena mwa iwo abale anga. Koma amene analimbana nayo kwambiri ndi anthu a kuno komwe, mafumu amene anaika malamulo a m'midzi, amayi a m'mipingo, aphunzitsi, achinyamata. M'sewero wopulumutsa amabwera pa galimoto yoyera kuchokera kumzinda, akulankhula Chichewa chosalala, ndipo eni mudzi onse ndi osazindikira mpaka iye atawatsegula maso. Umu si mmene zinthu zimasinthira m'mudzi, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito ya chitukuko akudziwa.

Kusadziwaku kumaonekera ngakhale pa nkhani ya banja, imene ndi msana wa masewero ambiri. Achewa, Ayao ndi Alomwe ambiri amatsata kuchikazi, mwamuna amakakhala chikamwini, ndipo mwini mbumba ndi malume. Kwa Atumbuka, Angoni a ku Mzimba, Ankhonde ndi ife Asena, mwamuna amalowola, mkazi amapita kwa mwamuna, ana ndi a kuchimuna. Bambo akamwalira, mikangano ya malo ndi ya ana imayenda mosiyana kwambiri m'madera awiriwa. Ndinaonerapo sewero limene linkati likuchitikira kumpoto, koma mwamuna akuthamangitsidwa pamudzi ngati mkamwini. Wolembayo akanafunsa mayi mmodzi yekha wa ku Mzimba akanamuwongolera. Ndipo taonani nkhani zokoma zimene akutaya. Mnyamata wa ku Rumphi akwatira mtsikana wa ku Phalombe, ankhoswe a mbali ziwiri akhala pansi, awa akuyembekeza ng'ombe, awo akuyembekeza mkamwini womanga nyumba pamudzi. Ine zimenezi ndinaziona pa ukwati wa mwana wanga, ndipo munali kuseka, kukwiya ndi kugwirizana kokwanira sewero la chaka chonse, popanda wina kusandutsidwa chitsiru.

Ena adzati zikhalidwe zimaonetsedwa, taonani magule. Zoona, tikafika pa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde, Umthetho ku Hora, Gonapamuhanya ku Bolero kapena Kulamba ku Mkaika m'dziko la Zambia, makamera amakhalapo. Otsatsa malonda nawo amakonda kuika tchopa, beni, malipenga kapena ingoma kwa masekondi ochepa. Ndimanyadira magule athu, ndipo dziko lapansi linawazindikira: UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalemekeza gule wamkulu ndi vimbuza mu 2005, tchopa mu 2014. Koma mitundu yathu pa kanema yasanduka tsabola wa pambali pa mbale, wongotapako kuti chakudya chikome. Wovina akamaliza kuvina salankhula. Sitidziwa kuti mawa lake ndi mphunzitsi, ndi makaniko, ndi mayi amene akudandaula za fizi.

Za ndalama ndikuzimvetsa. Ojambula ambiri ndi achinyamata odzipereka amene amagwira ntchito ndi kamera yobwereka, ndipo mafuta opitira ku Chitipa kapena ku Marka si masewera. Koma kupatsa dokotala wa m'sewero lilime la ku Nsanje sikufuna lita ya petulo. Asena, Atumbuka, Ayao ndi Alomwe odziwa zisudzo adzaza ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale ndi ku Mchesi. Ambiri a iwo amabisa kalankhulidwe ka kwawo kuti apatsidwe mbali yabwino, ndipo amakatulutsa pokhapokha akauzidwa kuti aseketse anthu. Aloleni alankhule mmene amalankhulira ndi amayi awo, ali pa mpando wa bwana, ndipo sewero lisachitepo ndemanga. Makampani akuluakulu a mafoni, mabanki ndi ogulitsa mbewu ndiye alibe chonamizira, chifukwa magalimoto awo amafika kale m'maboma onse kukagulitsa. Mawailesi a m'madera monga Nyathepa ndi Gaka kuno ku Nsanje, Dzimwe ku Mangochi, Mzati ku Mulanje, Tuntufye ku Karonga ndi Voice of Livingstonia ku Mzuzu ali ndi anyamata ndi atsikana amene amalemba ndi kuchita masewero m'zilankhulo za kwawo ndi ndalama zochepa kwambiri. Olemba alipo kale, akungofunika kuitanidwa ndi kulipidwa. Mawu a Chichewa olembedwa pansi pa chithunzi angathandize amene samva Chisena kapena Chitumbuka, monga mmene timaonera mafilimu a kunja osadandaula.

Wina asanene kuti anthu a kumudzi alibe kanema ndiye sizikuwakhudza. Magetsi ndi ochepa, inde, koma pa sitolo iliyonse pali sola ndi kanema, ndipo tizidutswa ta masewerowa timayenda pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok mpaka kumalire. Osekedwawo amadzionera okha.

Sindikupempha a MACRA, bungwe loyang'anira nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi, kuti aletse sewero lililonse. Tinakhalapo m'nthawi yoletsana ndipo sindikuifunanso. Ndikupempha eni nyumba za kanema kuti asanalandire sewero azifunsa kuti mwa olemba ake muli ndani wochokera kudera limene likutchulidwalo. Ndikupempha amene amavomereza mauthenga a malonda m'makampani, poti ambiri a iwo kwawo ndi kumidzi komweku, kuti azidzifunsa ngati angakonde kuonera uthengawo atakhala pambali pa amayi awo. Ndipo inu Akonzi, tipatseniko danga m'nyuzipepala muno loti owerenga a m'maboma osiyanasiyana aziunika masewero ndi mauthenga amene aonera, kutchula chimene chalakwika ndi kuyamika amene achita bwino. Mukatsegula danga limenelo, kalata yoyamba yoyamikira idzachokera kwa ine, tsiku limene ndidzaone jaji wa m'sewero akugamula mlandu ndi lilime la kwa Tengani.

Ndine wanu,
Mlangizi wa zaulimi wopuma,
Bangula, Nsanje